Kachipangizo Kakavomera Lero N'kukana Mawa: Kuyeza Mimba ndi Timagazi ta Masabata Oyamba

Kachipangizo koyezera mimba kamafufuza chinthu chimodzi chokha mu mkodzo wa mayi. Chinthucho ndi homoni yotchedwa hCG, imene thupi limayamba kupanga dzira lokumana ndi mbewu ya abambo likamatirira. Kachipangizoka sikaona mwana, sikadziwa pamene mimba yakhala, ndipo sikanganene ngati mimbayo ikukula kapena yaima panjira. Kamangonena kuti hCG yakwana kutulutsa mzere kapena sinakwane. Chisokonezo cha mayi amene wayeza Lolemba n'kuona mizere iwiri, Lachitatu n'kuona umodzi, kwinaku akupeza timadontho ta magazi pa kabudula wamkati, chimayambira pomwepa.

Mbewu ya abambo imakumana ndi dzira m'kanjira kopyapyala kochokera ku thumba la mazira kupita m'chiberekero. Tinjirati tilipo tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, ndipo kuchipatala amangoti machubu. Zikakumana, dzira limayenda masiku angapo kutsikira m'chiberekero n'kukamatirira pakhoma pake patatha masiku 6 mpaka 12 chitulukireni m'thumba muja. Likamatirira, tizigawo timene tidzasanduke nsengwa timayamba kutulutsa hCG. Poyamba imakhala yochepa zedi. Imayamba kupezeka m'magazi, kenako mu mkodzo, ndipo m'masabata oyambirira imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse mpaka kufika pachimake cha m'ma sabata ya 10. Azachipatala amawerenga masabata a mimba kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Choncho tsiku limene msambo unayenera kubwera koma osabwera, mimba imawerengedwa kuti ili ndi masabata 4, ngakhale kuti dzira langomatirira sabata yapitayi.

Kufufuza homoni imeneyi mu mkodzo kunayamba ndi madokotala awiri a ku Berlin, Selmar Aschheim ndi Bernhard Zondek, cha m'ma 1927. Iwo ankabaya timbewa tatikazi ndi mkodzo wa mayi n'kudikira masiku angapo kuti aone ngati matumba a mazira a timbewato asintha. M'zaka za m'ma 1930 ntchitoyi inagwera achule a m'madzi a kum'mwera kwa Africa, kutsatira kafukufuku wa Lancelot Hogben ndi asayansi ena ku Cape Town. Chule wamkazi akabayidwa ndi mkodzo wa mayi woyembekezera ankaikira mazira tsiku lisanathe. Kachipangizo koyamba koyezera kunyumba, kokonzedwa ndi Margaret Crane, kanayamba kugulitsidwa ku Canada mu 1971, ndipo yankho linkatenga maola awiri. Ka masiku ano kamayankha m'mphindi zitatu kapena zisanu. Changu chimenechi n'chothandiza, koma ndi chomwenso chimakopa amayi kuyeza msanga, thupi lisanakhale ndi yankho lomveka.

Chofala kwambiri m'mafamase ndi m'zipatala zing'onozing'ono ndi kapepala kopyapyala kobwera m'kapaketi komata. Mayi amakodzera m'kakapu kouma bwino, n'kuviika nsonga ya kapepalako kwa masekondi ochepa osapyola kamzere kolembedwa MAX, kenako n'kukagoneka pamalo ouma. Chinyontho chimaoneka chikukwera pang'onopang'ono, mizere n'kuyamba kutuluka. Tina timakhala ta pulasitiki tokhala ndi kazenera, pambali pake patalembedwa zilembo C ndi T. Mzere wa pa C umangotsimikiza kuti kachipangizo kagwira ntchito. Ukapanda kutuluka, zotsatira zonse n'zotaya. Mzere wa pa T ndiwo wa hCG. Ngakhale utakhala wozilala, woti munthu achite kutuluka nawo panja kuti auone bwino, malinga uli ndi mtundu wake wofiirira kapena wabuluu ndipo watuluka m'nthawi yolembedwa pa paketi, umatanthauza kuti hCG ilipo.

Chimene chimasemphanitsa mayankho kawirikawiri ndi kuyeza msanga. Dzira silituluka tsiku lofanana mwezi uliwonse. Matenda, nkhawa, kuyamwitsa, kapena kungosiya kumene njira yolera zimatha kulichedwetsa, ndipo mbewu ya abambo imatha kulidikira m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Mayi amene akuwerenga kuti msambo wachedwa ndi masiku anayi atha kukhala kuti dzira lamatirira dzana lomweli. Nthawi yotereyi hCG imakhala pamalire. Tizipangizo tambiri timatulutsa mzere hCG ikafika mayuniti 25 pa lita, tina 20, tina 10. Mayi amene mlingo wake uli pa 15 akagula tiwiri ta makampani osiyana, kena kavomera, kena kakana, ndipo palibe kamene kanama.

Mkodzo nawo sukhala chimodzimodzi tsiku lonse. Woyamba wam'mawa, munthu atagona usiku wonse osamwa kanthu, umakhala wodera ndi wamphamvu. Wamasana, mayi atamwa tiyi, madzi ndi thobwa, umachuluka madzi. Mchere wokoleretsa kapoto ka ndiwo za anthu awiri sumveka ukathiridwa mu mphika wa pamaliro, ndipo hCG yochepa imasowa chimodzimodzi mu mkodzo wamadzimadzi. N'chifukwa chake kuvomera m'mawa n'kukana madzulo a tsiku lomwelo si chachilendo m'masiku oyambirira.

Kwina kusemphana kumabwera ndi mtima wosafuna kuvomereza yankho. Mayi wayeza, waona mzere umodzi, waponya kapepala pambali. Patapita ola akatola kuti aonenso, akupeza kamzere kotuwa pamalo a T. Kamzere kameneka kamabwera mkodzo ukauma, kalibe mtundu, ndipo sikatanthauza kanthu. Zotsatira zimawerengedwa m'mphindi zolembedwa pa paketi, ndipo zooneka pakadutsa mphindi 10 sizidalirika. Kasungidwe nakonso n'kofunika. Tizipangizoti sitifuna malo otentha kupyola madigiri 30. Kamene kakhala miyezi pashelefu ya golosale ya malata ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40, kamene paketi yake inabooka n'kulowa chinyontho, kapena kamene tsiku lake linadutsa, katha kunama mbali ina iliyonse.

Komabe mayankho awiriwa salemera mofanana. Kachipangizo kamakana mosavuta mimba ilipo, koma mzere weniweni wa pa T sutuluka wambawamba popanda hCG. Mapiritsi olera, jakisoni wa Depo, zoika pamkono, ma ARV, mankhwala a malungo ndi Panado sizitulutsa mzerewu. Zimene zimautulutsa popanda mimba yatsopano n'zowerengeka. hCG imatsalira m'thupi kwa masabata angapo, nthawi zina mpaka 6, mayi akabereka, akapita padera kapena mimba ikachotsedwa. Jakisoni wina wothandiza kutulutsa dzira, amene amabaya amayi ovutika kubereka, ndi hCG yeniyeniyo, ndipo amaonekera mu mkodzo mpaka masabata awiri. Amayi oyandikira kusiya kusamba nawo nthawi zina amakhala ndi hCG yochepa yosachokera ku mimba. Kupatula pamenepa, mayi amene waonapo mzere wachiwiri ngakhale kamodzi amatengedwa ngati woyembekezera kufikira zitatsimikizika kuti sali.

Pali mchitidwe wina wodziwika bwino: mzere unaoneka poyamba, n'kumazilala tsiku ndi tsiku mpaka kusowa, kenako magazi n'kubwera ngati msambo wochedwa. Nthawi zambiri imeneyi imakhala mimba imene inaima ndithu koma yachoka isanapyole masabata 5. Dzira linamatirira, linatulutsa hCG, n'kulephera kupitiriza. Allen Wilcox ndi anzake ku North Carolina anatsata amayi 221 ofuna mwana, akuyeza mkodzo wawo tsiku ndi tsiku, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 1988 zinaonetsa kuti mimba 22 pa 100 zilizonse zinkachoka zisanadziwike n'komwe. Kale mayi ankangoti mwezi uno ndachedwa ndipo magazi achulukirapo. Lero kachipangizo kamaulula zimene kale zinkadutsa mwakachetechete, ndipo mayi amene anayamba kale kuwerenga miyezi amamva chisoni chenicheni, chosayenera kupeputsidwa. Kuchoka kotereku sikutanthauza kuti mayiyo ndi wosabereka, ndipo ambiri amaimanso popanda vuto.

Magazi m'miyezi itatu yoyamba ndi ofala kuposa mmene anthu amaganizira. Pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi alionse oyembekezera amawaona. Timagazi tochepa ndi timene timangodetsa kabudula wamkati kapena kuoneka popukuta, osadzaza padi. Ofiira kwambiri ndi atsopano, oderako ndi akale amene anachedwa kutuluka. Kafukufuku amaonetsa kuti timadontho ta tsiku limodzi kapena awiri topanda ululu sitionjezera kwenikweni chiopsezo cha kupita padera, pamene magazi ochuluka ngati a msambo, makamaka obwera ndi kupotokola, amachionjezera pafupifupi katatu.

Magwero ena a timagazi timeneti ali pa khomo la chiberekero, osati mkati mwake. Mayi akaima, khomoli limafewa n'kudzaza timitsempha, ndiye limatuluka magazi mosavuta akakhala malo amodzi ndi abambo kapena akapimidwa. Mauka, chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amalitupitsa. Tinyama tomera pa khomopo natonso timakha magazi. Poti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, magazi obwerezabwereza pambuyo pogonana amafunika namwino aone khomolo ndi maso, mayi akhale ndi pakati kapena ayi. Mkati mwa chiberekero, timagazi timatha kusonkhana pakati pa thumba la mwana ndi khoma n'kumatuluka pang'onopang'ono. Zoterezi zimaoneka pa sikani ndipo zambiri zimatha zokha.

Ambiri amene amafufuza nkhaniyi pa intaneti amakumana ndi mawu akuti timagazi ta m'masiku oyamba timabwera dzira likamamatirira. Mawuwa amatonthoza, koma umboni wake ndi wofooka. Mu 2003 ofufuza atabwerera ku zolemba za amayi a ku North Carolina aja, anapeza kuti pafupifupi 9 pa 100 anaona magazi m'masabata 8 oyamba, ndipo magaziwo ankabwera makamaka cha m'masiku amene msambo ukanabwera, osati tsiku limene dzira linamatirira. Ngakhale kuwerenga masiku kokha kumathandiza. Nthawi zambiri dzira limamatirira msambo usanachedwe n'komwe. Mayi amene msambo wake wachedwa ndi masabata awiri, kachipangizo kanavomera kale, ndipo lero akuona magazi, sangati ndi timagazi ta kumatirira kwa dzira n'kukhala pansi.

Kupita padera kumagwera mimba pafupifupi 15 pa 100 zodziwika, ndipo zambiri zimachoka masabata 12 asanakwane. Pafupifupi theka la zimenezi zimachoka chifukwa tinthu tosunga chibadwa cha mwana sitinalumikizane bwino kuyambira pachiyambi pomwe. Palibe chimene mayi akanachita kuti aletse. Kulima, kutunga madzi, kukwera kabaza, kukhala malo amodzi ndi abambo, kapena kukangana ndi apongozi sizichotsa mimba imene yakhala bwino. Zimene zimaonjezeradi chiopsezo ndi msinkhu wa mayi ukamapyola zaka 35, malungo, chindoko, shuga wosasamalidwa, matenda a chithokomiro, fodya ndi mowa. Mfundo imeneyi imayenera kumveka m'mabanja, chifukwa pathupi pakachoka zala zimafulumira kuloza. Ena amati mayi anamwa zomwa, ena amati bambo anayenda njira zina n'kusempha, ena amaloza mnansi. Mayi amene wataya mimba n'kumaimbidwanso mlandu amaphunzira kubisa magazi ulendo wotsatira, ndipo kubisa kumeneko ndiko kumapha.

Choopsa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Imachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri pa 100, ndipo zoposa 9 pa 10 mwa zimenezi zimakhala m'kanjira ka dzira kaja. Kanjirako sikanapangidwe kuti katambasuke. Mimba ikamakula imakang'amba, kawirikawiri pakati pa sabata ya 6 ndi ya 10, magazi n'kumathira m'mimba mkati. Mimba yotereyi nthawi zambiri imatulutsa hCG yochepa yokwera mozengereza, ndiye kachipangizo kamatha masiku ambiri kakuvomera mozilala, mwina kukana, mwina kuvomeranso. Magazi otuluka kunja amakhala ochepa, akuda, amadzimadzi, obwera n'kumaleka. Zizindikiro ziwiri zimene zimaoneka zazing'ono, mzere wozilala ndi timadontho, apa zimabisa vuto lalikulu.

Chiyambi chake ndi ululu wa mbali imodzi m'munsi mwa mchombo, wobaya kapena wonyong'onya. Ena amamva ngati akufuna kupita kuchimbudzi pafupipafupi, ena amatsekula m'mimba, ndipo pakhomo amaganiza kuti ndi chakudya kapena malungo. Magazi akachuluka mkati n'kukwera mpaka pansi pa chifuwa, ululu umamveka pansonga ya phewa, makamaka mayi akagona chagada. Kanjira kakang'ambika, mayi amene m'mawa anasesa pabwalo amati adzuke pamkeka, maso achita mdima. Manja ndi mapazi zazizira, thukuta lili pamphumi, mkati mwa zikope mwayera, mtima ukugunda mofulumira koma mofooka. Amayi ake aang'ono akayang'ana padi, akupeza kadontho kamodzi kokha, n'kumati sanataye magazi. Magaziwo ali mkati, ndipo atha kupyola lita. Mayi wotereyu amafunika chipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi oonjezera, monga cha boma cha m'boma lake, cha mishoni chachikulu, kapena Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu Central, pa ola lomwelo, usiku kapena usana. Kudikira kuche, kapena kudikira abambo abwere kuchokera ku ganyu, kwatayitsa miyoyo.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi amene anadwalapo chinzonono kapena matenda ena otupitsa machubu, amene anakhalapo ndi mimba yotere, amene anachitidwapo opareshoni ya machubu, ndi osuta fodya. Mayi amene waima ali ndi lupu, kapena atatseketsa, amafunika sikani mwamsanga ngakhale asakumva kupweteka. Koma pafupifupi theka la amayi amene zimawachitikira alibe chilichonse mwa zimenezi. Ikapezeka msanga kanjira kasanang'ambike, nthawi zina imathetsedwa ndi jakisoni wa methotrexate popanda kung'amba pamimba. Ikachedwa, kanjirako kamachotsedwa, ndipo kotsalako kamakwanira kuti mayi adzaberekenso.

Vuto lina losowa ndi pamene m'malo mwa mwana, nsengwa imakula molakwika n'kusanduka timatuza tambirimbiri. Mayi amasanza kwambiri, mimba imakula kuposa masabata ake, ndipo magazi amabwerabwera. Apa hCG imachuluka mopyola muyeso mpaka kusokoneza kachipangizo, n'kukana kapena kutulutsa mzere wozilala. Ku labu amathira madzi mu mkodzowo n'kuyezanso, mzere n'kutuluka bwino.

Mayi amene mayankho asemphana koma sakumva ululu ndipo sakutaya magazi, chomuthandiza ndi nthawi, osati kugula tizipangizo tambiri tsiku limodzi. Adikire masiku awiri kapena atatu, ayeze ndi mkodzo woyamba wam'mawa, ndi kachipangizo ka kampani yomweyo, atayang'ana tsiku lolembedwa pa paketi. Ngati mimba ikukula, mzere umakhala utada. Amene msambo wake suyenda mwadongosolo awerenge masiku 21 kuchokera tsiku lomaliza kugonana mosadziteteza, chifukwa pofika pamenepo kukana kwa kachipangizo kumakhala kodalirika. Podikirapo amakhala ngati woyembekezera: osamwa mowa, osamwa zitsamba, osaika kanthu kumaliseche, kugona m'neti, ndi kumwa folic acid wa mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse. Pa ululu wamutu Panado ndi wokwanira. Brufen ndi aspirin adikire mawu a dokotala.

Magazi akakhalapo pamodzi ndi mzere wachiwiri, ngakhale unaoneka kamodzi kokha, mayi aonedwe kuchipatala pasanathe tsiku kapena awiri. Ndipo pali zizindikiro zosadikira konse: ululu wa mbali imodzi kapena wosapiririka, kupweteka phewa, chizungulire, kukomoka, kunyowetsa padi yaikulu m'ola limodzi kenako ina m'ola lotsatira, kutuluka zibuma za magazi, kutentha thupi, ndi chikazi chonunkha. Popita atenge buku lake la kuchipatala, ndipo n'kothandiza kulemba pakapepala tsiku limene msambo womaliza unayamba, masiku amene anayeza ndi zimene anaona, tsiku limene magazi anayamba, mtundu wake, ndi mapadi amene wasintha. Namwino amapeza zambiri pa kapepala kameneka kuposa pa tizipangizo khumi tokulungidwa m'chitenje.

Kuchipatala amayeza kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, kuchuluka kwa magazi m'thupi, malungo, chindoko, HIV ndi mkodzo. Amayang'ana khomo la chiberekero ngati lili lotseka kapena latseguka. Kenako pamabwera sikani, imene imayankha funso lomwe kachipangizo sikangayankhe, loti mimba ili pati. Sikani yodzera kumaliseche imaonetsa thumba la mwana cha m'ma sabata ya 5 ndi kugunda kwa mtima cha m'ma sabata ya 6. Yodzera pamimba imachedwerapo ndi sabata imodzi kapena kuposa. Mtima ukaoneka ukugunda mkati mwa chiberekero, mimba pafupifupi 9 pa 10 zimapitirira ngakhale panali timagazi.

Chovuta ndi pamene kachipangizo kavomera koma sikani sikuonetsa kanthu. Apa pamakhala zitatu: mimba ikadali yaing'ono kuti ioneke, yachoka kale, kapena ili kunja kwa chiberekero. Posiyanitsa amayeza mlingo wa hCG m'magazi kawiri, motalikirana maola 48. Kuyeza kumeneku kumaona ngakhale mayuniti 5, ndipo kumapereka nambala m'malo mwa mzere. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain amati mlingo ukakwera kupyola 63 pa 100, mimba ikuoneka kuti ikukula m'chiberekero. Ukatsika kupyola theka, ikuchoka. Ukagwera pakati pa ziwirizi, mayi aunikidwe pasanathe maola 24 chifukwa cha chiopsezo cha mimba ya m'kanjira. Si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi sikani kapena labu yoyeza zimenezi, ndiye kalata yotumiza mayi ku chipatala chachikulu isasungidwe m'chikwama kudikira malipiro a mwezi. Kumene kulibe kuyeza magazi, amabwereza sikani pakatha masiku 7 mpaka 14, mayi atauzidwa bwino zizindikiro zomubweza msanga.

Mimba ikapezeka ili m'malo mwake koma timagazi tikupitirira, chithandizo chenicheni n'chochepa, ndipo ndi bwino kunena mosabisa. Kugona pabedi masiku ambiri sikuletsa kupita padera. Matenda amene apezeka, monga malungo kapena a m'njira ya mkodzo, amachizidwa. Kafukufuku wa PRISM wa ku Britain, wa amayi oposa 4,000, wofalitsidwa mu 2019, anaonetsa kuti homoni ya progesterone imathandiza makamaka amayi amene akutaya magazi ndipo anapitapo padera kale. Kuyambira 2021 NICE imalangiza kupereka mankhwalawa kwa amayi oterewa, sikani itatsimikiza kuti mimba ili m'chiberekero. Kwa amene sanapitepo padera phindu lake silinaoneke. Mayi wa gulu la magazi la Rh negative nthawi zina amafunika jakisoni wa anti-D, woteteza ana amene adzabadwe mtsogolo.

Amayi olera ali ndi chisokonezo chawochawo. Jakisoni wa Depo ndi zoika pamkono zimabweretsa timadontho ta apo ndi apo, ndipo ena amasiyiratu kusamba, moti palibe tsiku loti awerengerepo kuchedwa. Zimenezi pazokha si chizindikiro cha mimba. Koma amene anachedwa kukabayitsa, kapena amene ali ndi zoika pamkono kwinaku akumwa rifampicin wa TB kapena ma ARV okhala ndi efavirenz, amene amafooketsa njirayi, ayenera kuyeza akamva nseru, mabere kuwawa kapena ululu wachilendo m'munsi mwa mchombo.

M'madera ambiri a m'Malawi mimba yaing'ono siilengezedwa. Amayi amaopa maso a anthu, amaopa ufiti, amaopanso manyazi ngati itachoka, ndiye ambiri amayamba sikelo mimba itaonekera kale. Bungwe la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi akumane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanathe, ndi sikani imodzi masabata 24 asanakwane. Mwambo wosunga chinsinsi sutsutsana ndi langizoli, chifukwa kuuza namwino si kuuza mudzi. Koma pakhomo payenera kukhala munthu mmodzi wodziwa, kaya ndi bambo, mchemwali kapena mayi ake, kuti mayi akakomoka womuperekeza athe kunena pachipata pomwe kuti mwezi uno sanasambe. Mawu amenewa amasintha mmene azachipatala amaganizira pa mphindi zoyamba. Atsikana a sukulu ndi amayi oopa kuti anenedwa kuti achotsa dala ndiwo amachedwa kwambiri, koma chithandizo cha mayi wotaya magazi pa mimba chimaperekedwa kwa aliyense mosayang'ana mmene magaziwo anayambira. Amene ali kutali atha kufunsa kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lawo kapena ku Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011.

Zikatsimikizika kuti mimba yachoka, pamakhala njira zitatu: kudikira thupi lidziyeretse lokha, kulandira mapiritsi a misoprostol, kapena kuyeretsedwa m'chiberekero ndi kachipangizo kokoka pamanja. Magazi amapitirira kwa sabata imodzi kapena ziwiri akucheperachepera. Kutentha thupi, fungo loipa kapena ululu wokulirakulira zimasonyeza kuti mwatsalira zina kapena mwalowa matenda. Pakatha masabata atatu mayi ayezenso mkodzo, ndipo kachipangizo kakavomerabe abwerere kuchipatala. Amene anali ndi mimba ya timatuza amayezedwa hCG kwa miyezi ingapo, ndipo amene analandira methotrexate amadikira miyezi itatu asanaimenso. Dzira limatha kutuluka patangotha masabata awiri chichokereni mimba, msambo usanabwere, choncho wosafuna kuima msanga ayambe kulera pomwepo. Msambo umabwerera pakatha masabata 4 mpaka 6. Amayi ambiri amene apita padera kamodzi amadzabereka bwinobwino. Pafupifupi mmodzi pa 100 ndiye amapita padera katatu motsatizana, ndipo ameneyu amatumizidwa kwa dokotala wa amayi kuti akayezedwe shuga, chithokomiro, kaundanidwe ka magazi ndi kapangidwe ka chiberekero.